Chidindo Chodumpha Zaka

Tsiku lomwe ndinayamba kudzipalira zimene ndikuuzenizi, ndinali nditasenza bokosi la mafayilo onyowa pamutu, madzi ake akutsikira m'khosi mpaka kumsana, ndikuterereka m'matope a kuseri kwa ofesi ya esiteti yathu ya tiyi. Denga la kachipinda kosungira mafayilo linali litadontha nyengo yonse ya mvula yowaza ya chiperoni popanda wodziwa, chiswe nacho chitalowera pansi, ndiye atatsegula chitseko anapeza zikuto za mafayilo a antchito zitafewa ngati nkhwani wophika. Wotuta zonsezo kupita nazo pakhonde la ofesi anali ndani? Ine amake Esinati, chifukwa pa ofesi paja ntchito iliyonse yopanda dzina inali yanga: kusesa, kutunga madzi, kuwiritsa tiyi wa akalaliki, kuthamangira ku fakitale ndi uthenga, ndi kunyamula chilichonse cholemera chimene amuna ovala nsapato sakanachikhudza.

Sindinkadandaula ayi, chifukwa mtima wanga wonse unali pa njinga. Pa esiteti pathu panali mwambo woti nyengo yozizira, masamba a tiyi akachepa, kampani inkapereka njinga kwa aliyense amene wakwanitsa zaka makumi awiri pa ntchito, ndipo chaka chimenecho mwamuna wanga, a Namakhwa, bambo a Esinati, anali atakwanitsa. Iwo ankasonkhezera moto woumitsira tiyi ku fakitale, munthu wofatsa woti mutamuponda phazi amapepesa ndi iyeyo. Mwambowo unali Loweruka la sabata yomweyo. Njingayo dzina linali lawo, koma woifuna kwenikweni ndinali ine. Mukudziwa kusenza thumba la chimanga kuchokera kumalayini kwathu, kunyumba za antchito, kukafika ku chigayo ku Chitakale, kutsika chitunda, kukwera chitunda, nkhata itaphwatalala pamutu ngati chitumbuwa chopondedwa? Ndinasenza choncho kuyambira Esinati ali kumsana mpaka atakhala namwali, ndipo ndinali nditaliuza khosi langa kuti lipirire, kwatsala pang'ono.

Ndikanauza khosi lokha, bwenzi zili bwino. Koma ndinauzanso amake Joze. Amenewa anali akazi a aneba athu a Khoromana, mlonda wa pa geti amene anachokera kutsidya kwa malire zaka ngati khumi zokha m'mbuyomo. Ine ndi amake Joze tinkamwa madzi a pa mpopi umodzi koma tinkapikisana pa chilichonse, kuyambira kuyera kwa mapoto mpaka kunenepa kwa nkhuku. Iwo ankakonda kuyanika makaka a chinangwa pa mphasa pakati penipeni pa kanjira kolowera kunyumba zathu, ndiye sabata imeneyo ndinawauza mwaulemu wonse kuti ayambe kuzolowera kuyanika kwina, chifukwa kuyambira Loweruka kanjirako kadzakhala kodutsa njinga. Anangoti tamva, n'kukoka mphasa yawo.

China chimene chinkandikweza mapewa masiku amenewo chinali sukulu ya kwacha. Ndikaweruka ndinkathamangira ku tchalitchi komwe amayi akuluakulu tinkaphunzira, ndipo ndinali nditadziwa manambala, mayina a miyezi, ndi kuwerenga dzina la munthu ndikaliyang'anitsitsa. Munthu ukadziwa kuwerenga utakula, umafuna uwerenge chilichonse chomwe chakudutsa: matumba a feteleza, zitini za mafuta, nambala za mathirakitala, ngakhale malaya a mwana wa eni. Aphunzitsi athu ankati mutu ndili nawo, koma ndimawerenga ngati ndasiya ndiwo pamoto. Ine ndinkamva mbali ya mutu yokhayo.

Tsopano mumvetse ntchito yomwe inalipo. Zikuto zatsopano zinabwera kuchokera ku Limbe, ndipo a Mulipa, kalaliki wamkulu, analemba dzina la wantchito aliyense pa chikuto chake. Chinatsala ndi tsiku lomwe munthuyo anayamba ntchito. Tsikulo silinkalembedwa pena paliponse koma pa chikuto pokha, m'kati munkangokhala timapepala ta tchuthi ndi ta kuchipatala, ndipo lamulo la kampani linkati tsikulo lisalembedwe ndi dzanja, lidindidwe ndi chidindo. Ndiye pankafunika kuwerenga tsiku la pa chikuto chakale, kutembenuza malamba a chidindo mpaka afike pa tsiku lomwelo, n'kudinda pa chatsopano. Njinga zinkaperekedwa poyang'ana tsiku limenelo basi.

Vuto lake, lamba wa zaka pa chidindo chimodzi amakhala ndi zaka zowerengeka, zikatha mumagula china. Choncho cha mu ofesi chinali ndi zaka zakale, cha ku kachipatala ka esiteti chinali ndi zapakati, ndipo cha ku fakitale, chodindira mabokosi a tiyi, chinali ndi zatsopano ndi zina zomwe tinali tisanafike n'komwe. A Mulipa anali atangobwera kumene kuchokera ku Thyolo, anthu sankawadziwa koma mapepala ankawadziwa, ndipo ankakonda kuphunzitsa aliyense amene waima pafupi. Ndikusesa kumapazi kwawo anandionetsa cha mu ofesicho.

"Ichi ndi nkhalamba, mayi," anatero. "Ukachidinda, lamba wa chaka amadumpha kamodzi kupita kutsogolo. Ndiye umayamba wachibweza chaka chimodzi m'mbuyo, kenaka umachitsitsa pang'onopang'ono ngati ukuika dzira mu ufa."

Anadinda mafayilo angapo, onse akutuluka bwino, ine tsache lili m'manja koma maso ali pa zala zawo. Asanapite patali kunabwera uthenga woti akufunika ku boma, ku msonkhano wokonzekera kulandira akuluakulu a chipani, ndipo masiku amenewo uthenga wotero sunkafunsidwa kuti utha liti. Akumanga tayi anandiuza kuti ndingosamutsa timapepala kuchoka m'zikuto zakale kulowa m'zatsopano, zakalezo ndiziunjike pakona, adzaziotcha okha akadzatha kufananitsa, ndipo zodinda adzadinda akabwera Lachisanu.

Lachisanu? Njinga Loweruka, mafayilo mulu wofika m'chiuno, munthu mmodzi wodinda ngati akuika dzira mu ufa? Ndinaona ndithu a Mulipa akulephera kumaliza, bwana manijala akuti mwambo usunthe, amake Joze akubwezera mphasa yawo pakanjira akumwetulira. Ndinayang'ana chidindo, chidindo chinandiyang'ana. Ndinadzifunsa kuti nanga sukulu ya kwacha ndimapitira chiyani, kungokaimba a, e, i? Ndinatsamiritsa tsache kukhoma, ndinapukuta manja pa chitenje, n'kukhala pa mpando wa a Mulipa, mpando womwe zaka zonsezo ndinkangoupukuta.

Ndinayamba ndi mafayilo a madala akale kwambiri, ndipo kunena zoona ndinayamba bwino. Kuwerenga chikuto chakale, kutembenuza tsiku, kutembenuza mwezi, kubweza chaka, kutsitsa pang'onopang'ono, kunyamula, kufananitsa. Zofanana. Wachiwiri, zofanana. Wachitatu, zofanana. Mtima unayamba kundiuza kuti ukalaliki ndi zimenezi basi, anthuwa amangotiopseza ndi matayi. Fayilo ya bambo a Esinati ndinaiika pambali, ndinati imeneyi ndidzadinda pomaliza dzanja litazolowera.

Koma inu, kuika dzira mu ufa kumachedwa. Dzuwa linali kusuntha, mulu sunali kusuntha. Ndinayamba ndasiya kufananitsa, poti nanga munthu wakhoza kangapo konse angalakwitse bwanji? Kenaka dzanja langa linakumbukira kuti ndi dzanja la mtondo. Linayamba kutsika lokha, phaa, fayilo kumbali, phaa, fayilo kumbali, mpaka tebulo kumanjenjemera, mlonda wa masana kusuzumira pawindo kufunsa ngati mu ofesi mwalowa njoka. Chimene a Mulipa sanandiuze, poti sankaganiza kuti pali munthu angamenye chidindo ngati akusinja mphale, n'choti nkhalambayo inkadumpha malinga ndi mmene waimenyera. Kuitsitsa mwaulemu, chaka chimodzi. Kuimenya, ziwiri, zitatu kaya zinayi, mmene yafunira.

M'kati mwa kusinjako ndinakumana ndi dzina la a Khoromana. Chaka chawo chinali chomalizira penipeni pa lamba wa nkhalambayo. Ndinakumbukira mphasa ya makaka ija, ndinakumbukira tsiku lomwe akazi awo ananena pa mpopi kuti mapoto anga amaoneka ngati aphikira maliro, ndiye ndinamenya fayiloyo ndi mtima wonse ngati ndikumenya mwini mawuwo. Ndinamva kupepuka m'chifuwa. Ndikanadziwa, ndikanaipsompsona.

Nditafika pa anthu omwe zaka zawo pa nkhalambayo panalibe, ndinathamangira ku kachipatala kukabwereka chidindo chawo. Adokotala anali pakati pa kubaya ana jekeseni, anangondilozera ndi chibwano pamene chinali. Chinali chidindo chabwinobwino, cholimba, chosadumpha, chopanda matenda alionse. Koma ine ndinali ndi mankhwala amodzi okha omwe ndinaphunzira, ndiye ndinachimwetsa omwewo: kubweza chaka chimodzi, phaa. Kubweza chaka chimodzi, phaa. Mankhwala a agogo kumwetsa mwana wosadwala. Aliyense amene anadutsa pa chidindo chimenecho ndinamupatsa chaka chaulere chomwe sanagwirepo ntchito, ndipo palibe ngakhale mmodzi anadzandithokoza.

Tsiku lotsatira ndinakatenga cha ku fakitale. Chimenecho malamba ake anali atauma gwa ndi fumbi la tiyi ndi guluu wa mabokosi, kutembenuza mwezi umodzi mpaka chikhadabo kuthyoka. Munthu wanzeru akanafunsa a ku fakitale kuti amachita nacho bwanji. Ine ndinayang'ana pa shelefu pomwe ndinkasunga za tiyi, ndinaona kabotolo kanga ka mafuta ophikira, ndinati chomwe chimafewetsa chitseko chifewetsanso ichi. Ndinathira. Chinafewadi, anzanga, chinafewa mpaka malamba onse kumazungulira okha ukangochipumira mpweya. Ndinkachiika pa tsiku loyenera, chikamatsika chinkasankha lake. Ine osaona, ndikungosangalala kuti tsopano ntchito ikuyenda ngati madzi a mu mtsinje wa Likhubula.

Pomaliza ndinatenga fayilo ya bambo a Esinati. Ndinabwerera kwa nkhalamba ija, ndinawerenga chikuto chakale kawiri, ndinatembenuza tsiku, mwezi, ndinabweza chaka chimodzi monga mwa malamulo. Kenaka ndinaganiza kuti bwana manijala maso awo ndi a magalasi, bwanji atawaiwala kunyumba Loweruka? Tsikuli liyenera kuoneka ngakhale munthu ataima pakhomo. Ndinanyika chidindo mu inki mpaka kudontha, ndinaimirira, ndinachigwira ndi manja awiri, n'kuchitsitsa ndi chikondi cha zaka zonse za banja lathu. Botolo la inki linadumpha pa tebulo. Mukuganiza kuti ndinafananitsa? Ndinayang'anadi, koma chomwe ndinkayang'ana ndi kukongola kwake, mmene inki inkawalira, ndi dzina la mwamuna wanga lomwe ndinkatha kuliwerenga ndekha chilembo ndi chilembo. Ndinaiuzira mpweya kuti iume, ndinaisisita, ndinailowetsa pakati pa zinzake.

Zinatsala ndi zikuto zakale zija pakona, zikununkha nkhungu, chiswe chikutuluka m'menemo kulunjika ku miyendo ya tebulo la a Mulipa. Nthawi ya sukulu inali itayandikira, madzi otsukira makapu anali asanatenthe, nkhuni zinali zonyowa. Ndinati nanga si anati zidzaotchedwa? Ntchito yofananitsa ndagwira kale ndine. Ndinazituta zonse kupita nazo kuseri, zouma pansi, zonyowa pamwamba, zinafuka utsi kenaka zinayaka bwino kwabasi, madzi anatentha, makapu anayera. Ndinafika ku sukulu nthawi yabwino zala zili bii ndi inki, ndipo aphunzitsi atafunsa wotchula miyezi yonse mwa ndondomeko, ndinaimika dzanja la inkilo m'mwamba kuti aliyense alione.

A Mulipa anabwera Lachisanu dzuwa litapendeka, atatopa, mawu atasasa ndi kuyankha nyimbo za ku msonkhano. Anapeza mulu wonse wadindidwa. Anatenga mafayilo a pamwamba, omwe anali a madala aja ndinadinda mwaulemu, ndipo poti amenewo masiku awo anali atawaona kale asanapite, anapeza ali bwino. Anafunsa za zikuto zakale. Ndinawalozera phulusa kuseri. Anagwira chibwano nthawi yaitali, kenaka anati zachitika zachitika, nthawi palibe, n'kuyamba kusankha mayina a oyenera njinga poyang'ana zidindo zanga. Ndinapita kunyumba ndikuyenda ngati mkazi wa bwana.

Loweruka bwalo la mpira linadzaza. Amayi tinavala nsalu za chipani, tinavina mpaka fumbi, apampando a chipani a m'dera lathu anakhala kutsogolo pamodzi ndi bwana manijala, ndipo pambali pawo panaima njinga zakuda, zonyezimira, mabelo ake akuthwanima. Bambo a Esinati anavala malaya omwe ndinawasitira ndi makala, ndipo mwendo wa buluku wa kumanja anali ataumanga kale ndi kachingwe pa kakolo kuti tcheni isadzawagwire pobwerera. Ine ndinali nditatenga chitenje changa china, chatsopano cha maluwa, choti ndidzayale pansi iwo akamakalandira. Cha chipani sukanayerekeza kuchiyala pansi, ndiye ndinakonzekera ndi chapadera.

A Mulipa anayamba kuitana mayina. Madala aja anapita mmodzimmodzi, kugwira chanza apampando, kugwira chanza bwana, kukankha njinga. Ndinkangoti wotsatira ndi wathu, wotsatira ndi wathu, mpaka inatsala njinga imodzi. Apo ndinadziwa kuti zabwino amasungira kumapeto. Sindinadikire dzina. Ndinatuluka m'gulu la amayi ndikuimba nthungululu, ndinathamanga mpaka kutsogolo, ndinayala chitenje changa cha maluwa kuchokera pomwe panaima amuna kulunjika pa njinga, n'kugwada pambali ndikuwomba m'manja.

A Mulipa anakweza pepala n'kuitana a Khoromana.

A Khoromana anacheuka kumbuyo kuona ngati pali Khoromana wina. Aliyense pamenepo ankadziwa kuti munthuyu anabwera dzana lomweli, ena anamuthandiza n'komwe kunyamula katundu tsiku lomwe anafika. Koma amake Joze, mkazi wochenjera uja, sanataye nthawi, anawakankha kumsana. Bambo aja anayenda ndi nsapato zawo zaulonda, zamatope, pa maluwa anga onse kuyambira koyamba mpaka komaliza, anagwira chanza apampando ndi manja awiri, ndipo chifukwa cha mantha anathokoza m'Chipwitikizi.

Nanga ine? Nthungululu inali ili pakati pa khosi, kutsika siingatsike, ndipo apampando anali kundiyang'ana. Ndinaimaliza. Ndinaimaliza ndithu, yaitali, misozi ikulengeza. Apampando anaimirira n'kuuza khamu lonse kuti umodzi womwe amalalikira tsiku ndi tsiku ndi umenewu, onani mayi uyu mmene akusangalalira mwayi wa mnansi wake mpaka kumuyalira nsalu, amayi onse atengere chitsanzo. Anthu anandiwombera m'manja. Ndinayang'ana komwe kunali bambo a Esinati. Anali atawerama, akumasula kachingwe ka pa kakolo kaja pang'onopang'ono, n'kukapinda bwinobwino, n'kukaika m'thumba.

Lolemba m'mawa ndinapeza a Mulipa atayala mafayilo pansi ponse ngati akuyanika fodya. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anandiitana n'kundionetsa lamba wa nkhalamba ija, kuti ndi wozungulira ngati chibangili, ukadumpha chaka chomaliza umagwera pa choyambirira. Nkhonya yanga ya makaka ija inawachotsa a Khoromana kumapeto kwa lamba n'kukawaponya koyambirira, pakati pa madala. Nkhonya yanga yachikondi inawakankhira bambo a Esinati zaka zitatu kutsogolo. A ku chidindo cha kuchipatala onse anali ndi chaka chobera. A ku chidindo chamafuta ndiye zinali zosayamba: mayi wina anayamba ntchito pa tsiku lomwe mwezi umenewo ulibe, ndipo woyendetsa thirakitala wathu, amene tinkamuona tsiku lililonse akututa masamba, chidindo chinkati adzayamba ntchito zaka zinayi zikubwerazo.

Ndinafunsa ndi mawu aang'ono ngati sizingatheke kuwauza a Khoromana abweze njingayo. A Mulipa anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Mukufuna ndikauze apampando kuti anagwira chanza munthu wolakwika, n'kumuyamikira pamaso pa anthu onse aja? Mayi, ine ndili ndi ana."

Ndiye njinga inakhala komwe inapita. Bwana manijala anauzidwa monong'ona, anati a Namakhwa adzalandira pa mwambo wa chaka chamawa. Ine sanandichotse ntchito, mwina poopa kuti anthu angafunse chifukwa chomwe achotsera mayi wachitsanzo. M'malo mwake anandipatsa ntchito yoyenda m'malayini monse ndikaweruka, khomo ndi khomo, kufunsa aliyense kuti anayamba liti, kuti a Mulipa adindenso okha. Munayamba mwafunsapo munthu wothyola tiyi chaka chomwe anayamba ntchito? Wina ankati ndi chaka chomwe mtsinje unatenga mlatho, wina ankati atangobereka mapasa, wina ankati nthawi ya bwana wa ndevu uja ankayenda ndi galu. Ndinkachita kufunafuna mapasawo kuti ndione msinkhu wawo. Woyendetsa thirakitala anakana kuyankha, anati iye sanayambe ntchito, ndidzabwere akadzayamba. Nthawi ya sukulu yonse inathera m'njira zimenezo, anzanga analandira masatifiketi ine ndikuwerenga mano a ana a eni.

Chomwe chinkandisautsa kwambiri chinali kukhala chete kwa bambo a Esinati. Sananene kanthu Loweruka lija, sananene kanthu sabata yonse, ankangodya, kuthokoza, kupita ku moto wawo. Ndinayamba kuwaphikira nkhuku popanda mlendo. Tsiku lina Lamulungu masana titakhala pakhonde, Esinati akutong'ola chimanga pambali, anakhosomola pang'ono n'kundiitana.

"Amake Esinati, ndakhala ndikuwerengera. A Mulipa akuti chidindo chanu chikunena kuti ine ndinafika pa esiteti pano zaka zitatu mochedwa."

Ndinavomera ndikuyang'ana pansi.

"Tsono inu ndinakupezani pano, ndinakukwatirani pano. Ngati ndinafika nthawi yomwe mwadindayo, ndiye kuti ndinapeza mwanayu akuyenda kale." Analoza Esinati ndi chibwano. "Mungondiuza mwamtendere, ndi wa yani?"

Esinati anagwa chagada ndi kuseka, chimanga kumwazika, nkhuku kusangalala. Amake Joze anamva kuseri kwa mpanda, ndipo pofika madzulo malayini onse anali atadziwa kuti ndinadinda mwamuna wanga mpaka kumulanda mwana. Mpaka lero ndikawapsetsa mtima bambowa samakalipa, amangoti iwo ndi alendo pano, zinthu zambiri anazipeza zitachitika kale.

Koma wolipira weniweni linali khosi langali, lomwe ndinalinamiza kuti kwatsala pang'ono. Chaka china chathunthu linasenza thumba kupita ku Chitakale, kutsika chitunda, kukwera chitunda. Ndipo nthawi zonse ndikafika pa chitunda chachikulu chija, thukuta lili m'maso, ndinkamva belu kumbuyo, ngili ngili. A Khoromana akupalasa, thumba lawo lili pa keriyala, amake Joze atakhala pamwamba pa thumbalo ngati mkwatibwi. Ankadutsa pang'onopang'ono kuti ndiwaone bwino, ndipo amake Joze ankandiweramira mwaulemu wonse.

"Tipatseniko njira, akalaliki. Paja munanena nokha kuti muno mudutsa njinga."

Kuyambira pamenepo, chidindo ndimachilemekeza ngati apongozi aamuna: tikakumana ndimapatuka. Ngakhale ku positi ofesi akachisiya pafupi nane, manja anga ndimawakulunga m'chitenje mpaka nditatuluka. Ndipo munthu akandiphunzitsa mankhwala a chinthu chimodzi, ndimayamba ndafunsa ngati chinzakecho chikudwala n'komwe.